Kagalu Kachitsulo ndi Mthunzi wa Mkuyu

Kuyambira ku Chisepo mpaka kuseri kwa phiri la Ntchisi, panalibe munthu wondiposa pakamwa. Sindikudzitama ayi, ndikungonena zomwe misika inkadziwa. Ndinagulitsapo chipeso kwa mkulu wadazi, iye n'kundithokoza. Ndikamagula ine, wogulitsayo ankatsala akukanda m'mutu, osadziwa kuti katundu wake wachoka bwanji m'manja. Mayi anga ankati tsiku lomwe ndinabadwa sindinalire ngati ana ena, ndinayamba n'kunenerera.

Ntchito yanga inali ya njinga ndi bokosi lamatabwa kumbuyo. M'bokosimo munkakhala masupuni, sopo, maloko, matochi, machesi, makapu, nsapato za pulasitiki ndi tina n'tina tomwe mlimi amatikumbukira akangogulitsa fodya. Ndinkazungulira misika malinga ndi masiku ake: Chisepo, Msakambewa, Nachisaka. Inali nthawi ija kwacha ndi tambala zitangolowa kumene, agogo akuwerengabe masheleni m'mutu.

Msika wondidyetsa unali wa Nachisaka, ndipo pamsikapo malo anali amodzi okha oti munthu n'kuwalota: pansi pa mkuyu wa pakhomo. Aliyense wolowa ankadutsa pamenepo ndalama zikadali m'thumba. Panali mthunzi tsiku lonse, moti sopo sankasungunuka, nsapato za pulasitiki sizinkapindika ndi dzuwa. Mkulu wogulitsa makasu amene ankakhalapo atasamukira kwa ana ake, malowo anatsala opanda mwini, ndipo tinawafuna anthu awiri.

Mnzanga wolimbirana naye anali mayi wina wamasiye amene anakhalitsa ku Halale ndi malemu amuna ake. Tonse tinkangowatcha mayi a ku Halale. Ankagulitsa zomwe ndinkagulitsa ine, ndipo chondipweteka n'choti ankazigulitsa bwino. Polankhula ankaponyamo timawu ta kumigodi. Pofuna kunena kuti tsopano lino ankati manjemanje.

Wogawa malo anali tcheyamani wa chipani m'deralo, mlimi wa fodya wamtali, wosaseka msanga. Ndinkadziwa pomwe mtima wake unali. Masiku amenewo pa wailesi pankamveka kwambiri zoti tizilankhula Chichewa chenicheni, ndipo mkuluyu sankaphonya. Pologalamu ikatha ankayenda m'mudzi akukonza pakamwa pa anthu ngati mlangizi wokonza mizere. Ndiye ndinapita kwa iye ndi nyambo yomwe ndinkaiona ngati yosalephera. Ndinati mayiwo ndi abwino ndithu, ndilibe nawo chifukwa, koma pakhomo pa msika ndi pankhope pa dera. Mlendo akamalowa azilandiridwa ndi Chichewa cha kwathu kuno, osati chosakaniza cha kumigodi.

Anandiyang'ana n'kufunsa:

"Ndiye iwe chako n'chosasakaniza?"

"Ngati madzi a pakasupe, a tcheyamani."

Akanakhala munthu wina akanangoseka n'kundipatsa malowo. Iye anatenga mawu anga ngati mbuzi yomwe ndamugulitsa, n'kuyamba kuiyang'ana mano. Anati tsiku la msika lotsatira ndikayale pansi pa mkuyu. Kuyambira pomasula bokosi mpaka msika kumwazikana, ndigulitse osatchula liwu lachilendo ngakhale limodzi. Ndikakwanitsa, malo ndi anga mpaka kalekale. Ndikapunthwa, ndi a mayi a ku Halale. Ndinavomera msangamsanga, ndipo ndinapempha kuti mayiwo auzidwe, kuti adzaonere.

Woweruza anasankhidwa mkulu wa sitolo yoyang'anizana ndi mkuyuwo, Msilamu wa ndevu zoyera amene paunyamata wake anaphikirapo azungu ku Beira ndi ku Dalesalamu, n'kukafikanso ku Joni. Tcheyamani anati makutu amenewo ndiwo anamva zilankhulo zambiri m'dera lonse. Anagwirizana kuti ndikangophonya, mkuluyo amenye mbale ya sikelo yake kuti msika wonse umve.

Masiku otsatirawo ndinkapalasa njinga ndikubatiza katundu wanga. Zina sizinavute. Lezala ndi lumo, kapu ndi chikho, botolo ndi nsupa. Supuni ndinaitcha kachipande kachitsulo. Sopo anakhala chathovu, machesi timitengo ta moto, tochi chiphaniphani cha m'manja. Loko ndiye anandivutitsa. Ndinatsika njinga pachitunda china cha ku Msakambewa ndikumuganizirabe, mpaka galu wa pakhomo lina atandiuwa. Ndinati eya, chimenechi: chinthu chogona pachitseko n'kumaletsa akuba. Kagalu kachitsulo. Ndinaseka ndekha pamsewu ngati wamisala.

Poti wamalonda sapita kumsika asanamve mitengo, ndinakacheza kwa mkulu wa sitolo uja kuti ndione mmene makutu ake amagwirira. Ndinatenga kampango katsopano kuti ndimupatse. Anakabweza mwaulemu, n'kundithirira tiyi pakhonde. Ndinamutchulira mayina anga onse, iye akungogwedeza mutu, ndevu zikunjenjemera ndi kuseka kwa m'kati. Pomaliza ndinati zotsalazo ndi zathu kale, monga nsapato.

"Nsapato?" anatero. "Mwananga, imeneyo ndi ya Apwitikizi. Ku Beira ndinkaipukuta m'mawa uliwonse, ndipo dzina lake linali lomwelo, sapato, kungochotsa mphuno yomwe tinaiikira ife kutsogoloku."

Tiyi anandiwawa. Ndinayesa chipewa, anati n'cha komweko. Kalata, komweko. Mbatata, imene agogo anga ankalima kudimba asanaonepo mzungu, anati nayonso inabwera ndi dzina lake pamsana. Galimoto anati ndi ya Aswahili, ngolo ya moto. Basela, kanthu kaja timaonjezera wogula akamaliza kugula, anati anakamva ku Joni. Nditafunsa mwaukali ngati pali chomwe chatsala, anati chilipo chambiri, koma ndisamale ndi ndalama, chifukwa liwulo linabwera ndi Aluya pamodzi ndi mikanda.

Tangoganizani, wamalonda woletsedwa kutchula ndalama.

Ndinayamba kunenerera, poti ndi zomwe ndimadziwa. Ndinati liwu lomwe lakhala pakati pathu kuyambira agogo a agogo lili ngati mkamwini amene anamanga nyumba, n'kubereka ana, n'kuona zidzukulu. Ameneyo mungamutchebe mlendo? Mkuluyo anati mfundoyo ndi yabwino koma iye si mwini mlandu, wangobwerekedwa makutu. Ndiye anaonjezera zina zomwe sindinafunse. Anati Chingerezi chomwe ndikuchithawacho nachonso si choyera. Mzungu amene ankamuphikira ankavala kaki n'kumayesa kuti ndi liwu la makolo ake, pomwe Mmwenye wogulitsa nsaluyo ankati kwawo limanena za mtundu wa fumbi. Shuga anamumva akutchedwa sukari kugombe, ndipo Aluya ankati Azungu anamutenga kwa iwo, Amwenye n'kumati Aluyawo anamutenga kwa iwo. Tiyi yemwe tinkamwayo anati dzina lake linachokera ku China.

"Chingerezi ndi wamalonda mnzako," anatero. "Chimapikula kwa ena, n'kupukuta, n'kugulitsa ngati chake. Chikafika kuno ife timachigulanso, n'kuchisoka kuti chitikwane pakamwa."

Ndinaona ngati ndatola chikwama. Ndinapalasa mpaka kuchigafa cha tcheyamani, n'kumupeza akusoka fodya. Ndinamufotokozera kuti mawu ambiri omwe timawatcha Achingerezi si a Angerezi n'komwe, anachita kulanda kwa eni ake, choncho palibe chifukwa chowaletsera. Sanasiye n'kusoka komwe. Anati ngati zili choncho ndiye kuti ndi katundu wakuba, ndipo pamsika wake katundu wakuba saloledwa. Ndinatulutsa ya mkamwini ija. Apo ndiye ndinaponda pachilonda, poti ndinaiwala kuti iye mwini anali pachikamwini m'mudzimo.

"Ine ndamera imvi pamudzi uno," anatero, "koma nkhani ya mbumba ikayamba amandituma kukaona ng'ombe. Ukuti mkamwini akakhalitsa amasanduka mwini mudzi? Kawauze alamu anga."

Ndinabwerako ndi mawu ochepa kuposa omwe ndinapita nawo.

Tsiku la msika ndinayala pansi pa mkuyu, ndipo kunena zoona malowo anali okoma kuposa mmene ndinkaganizira. Kamphepo kankadutsa, anthu akulowa ndi nkhope za anthu omwe sanawononge kanthu. Achinyamata a chipani ovala malaya ofiira anali pakhomo monga mwa masiku onse, kuona makhadi. Langa ndinangolionetsa osatsegula pakamwa. Tcheyamani anakhala pampando wake chapafupi, ndipo tsiku limenelo ndinkamutcha a pampando. Mayi a ku Halale anayala padzuwa, patali pang'ono, pomwe ankatha kundimva bwino. Kutsidya kwa msewu mkulu wa sitolo anatulutsa sikelo yake pakhonde, kamtengo kali m'manja.

Mbiri inali itafala, moti anthu anandiunjirira ngati ndikugulitsa nyama yotsika mtengo. Ndinakuwa malonda anga: zopondera zofewa, chathovu chonunkhira, tiagalu tachitsulo tosafuna madeya. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Mtima unati zayenda.

Koma kuseka si kugula. Kukuwa malonda kuli ndi kayendedwe kake. Liwu limatuluka lokha, maso ali pa thumba la munthu, dzanja likumuika kale katundu m'manja. Tsiku limenelo liwu lililonse ndinkayamba ndalitembenuza m'kamwa ngati nsomba ya minga, ndipo pomwe ndinkalitulutsa wogula anali atapita. Mkulu wina anafuna supuni. Nditamuuza kuti ndili ndi kachipande kachitsulo, anati zipande akazi ake ali nazo zambiri, iye akufuna supuni, n'kupita kwa mayi a ku Halale. Mayi wina anamva za timitengo ta moto n'kundiuza kuti nkhuni amatola yekha. Agogo ena anafunsa mtengo m'masheleni, ine n'kuyankha m'matambala ndi manambala a Chichewa, aja aatali oti zisanu n'ziwiri, mpaka tonse awiri tinasokonezeka, iwo n'kuchoka akundiyesa wakuba.

Ena sanabwere kudzagula n'komwe. Ankatola chinthu n'kufunsa ndi nkhope yosalakwa kuti ichi n'chiyani. Mayi a ku Halale ndiwo ankatsogolera nyimboyo ali pamalo pawo.

"Achimwene, ndithandizeni, ine Chichewa chinandithawa ku Halale. Timiyala toika m'chiphaniphani chanucho kuti chiwale, timatchedwa chiyani?"

Ndinati ndi chakudya cha chiphaniphani. Anati zikomo, ndipo kasitomala amene ankandimvetsera anakagula mabatire kwa iwo.

Chomwe chinandipsetsa mtima koposa chinali cha basela. Kwathu kuno malonda satha ndi kulipira. Wogula amatambasula dzanja, wogulitsa n'kuikapo kanthu, singano kapena kachidutswa ka sopo, n'kunena kuti basela wanu uyu. Mayi wina wa ku Msakambewa, amene ndinkamudziwa kuti ndi wouma ngati ine, anagula chikho n'kutambasula dzanja. Ndinaikapo singano n'kunena kuti kowonjezera kanu aka. Anaimanga pansonga ya chitenje, n'kutambasulanso dzanja.

"Kowonjezera ndalandira. Tsopano basela."

Ndinati n'chimodzimodzi. Anafunsa anthu ngati wina wandimva ndikutchula basela, ndipo onse anakana mokondwa. Ndinamupatsa singano ina. Anati nayonso ndi kowonjezera. Ine, amene ndinagulitsa chipeso kwa wadazi, ndinaima pamenepo ndikudyedwa masana ndi mayi wa chikho chimodzi, pakamwa pali pomangidwa. Ataona zimenezo, amayi ena onse anabwera ndi manja awiri.

Komabe mbale ya sikelo sinalire. Dzuwa linapendeka, ogulitsa masamba anayamba kumanga mitolo, ndipo ndinaona mayi a ku Halale asiya nthabwala. Bokosi langa linali lodzaza ngati mmene ndinabwerera nalo, mutu ukuwawa, koma mkuyu unali kubwera m'manja mwanga. Ndinayamba kuganiza pomwe ndidzakhomere kathandala.

Ndi pomwe mtsogoleri wa achinyamata aja anabwera. Tsiku lonse ankamva kuseka ali pakhomo, ndipo tsopano ntchito itachepa anafuna kuona nawo. Anali mnyamata amene ndinkamudziwa kuyambira akuweta mbuzi, koma malaya ofiira akavalidwa munthu sumukumbutsa za mbuzi. Anatola loko, anthu n'kumuuza kuti ndi kagalu kachitsulo. Anaseka. Anatola tochi, anasekanso. Kenaka anati ndimuonetse khadi langa. Ndinalitulutsa m'thumba la malaya n'kumupatsa ndi manja awiri. Analikweza m'mwamba kuti onse alione.

"Tamva kuti lero chilichonse mwachipatsa dzina latsopano. Nanga ichi mwachitcha chiyani?"

Sindikudziwa ngati ankafuna kundikola kapena ankangopitiriza masewero. Mwina iye mwini sankadziwa. Koma msika unazizira nthawi yomweyo. Amene munakhalako masiku amenewo mukudziwa kuti khadi la chipani silinali loseweretsa. Popanda ilo sunkalowa mumsika, sunkakwera basi, ndipo anthu ankapita osabwerako pa nkhani zochepa kuposa kulipatsa dzina loseketsa. Mayina anabwera okha m'mutu mwanga, poti mutuwo unali utazolowera tsiku lonse. Katsamba ka m'thumba. Chitsegula msika. Lililonse likanaseketsa anthu, ndipo kuseka kumeneko ndiko kukanandimaliza. Kungokhala chete nakonso kukanaoneka ngati ndikulinyoza.

Ndinayang'ana tcheyamani kuti andipulumutse, poti masewerowa anali ake. Anali akuyang'anitsitsa nsonga za nsapato zake, zopondera zake, ngati waziona koyamba. Mayi a ku Halale anali atagwira pakamwa, ndipo anandigwedezera mutu pang'ono, kundiuza kuti ndisayerekeze. Munthu amene akanapindula ndi kugwa kwanga ndiye yekha anandiyang'ana m'maso.

"Limenelo ndi khadi, bwana," ndinatero. "Khadi la chipani. Lilibe dzina lina."

Mnyamatayo anati ndayankha bwino, n'kundibwezera, n'kumapita akuseweretsa kagalu kachitsulo komwe sanalipire. Kutsidya kwa msewu kunali zii. Mkulu wa sitolo anadikira mpaka malaya ofiira atazimiririka kuseri kwa chigayo, kenaka anamenya mbale ya sikelo, pang'onopang'ono ngati akupepesa. Anamenya kawiri. Nditamufunsa pambuyo pake kuti kachiwiriko n'ka chiyani, anati bwana ndi wa Aswahili.

Ndinayesa kunenerera komaliza. Ndinauza tcheyamani kuti liwu limenelo lisawerengedwe, chifukwa ngakhale iye sakanalitcha mwina. Ndinamufunsa kuti akanakhala iye akanati chiyani. Anati iye sanalonjeze munthu kuti Chichewa chake chili ngati madzi a pakasupe. Ananyamula mpando wake n'kuuza mayi a ku Halale kuti sabata yamawa adzayale pansi pa mkuyu. Sabata, nalonso liwu lachilendo. Ndinatembenukira kwa mkulu wa sitolo, iye n'kungotambasula manja. Sanabwerekedwe kuti amvere tcheyamani.

Ine anandipatsa malo kumapeto kwa msika, pafupi ndi opha mbuzi, komwe ntchentche zinkafika anthu asanafike, ndipo anthuwo ankafika matumba atapepuka kale. Ndinakhala kumeneko zaka zambiri. Sopo ankasungunuka, nsapato zinkapindika.

Patapita masabata angapo ndinakamwanso tiyi pakhonde la sitolo, ndikudandaula kuti pa mawu awiri oti khadi la chipani ndinagwa ndi limodzi lokha, poti chipani ndiye chathu. Mkuluyo anayang'ana uku ndi uku, n'kusendeza mpando. Ananong'ona kuti ku Joni, ng'ombe zikamangidwa pamodzi m'goli kuti zikoke ngolo, Mabunu ndi Azulu ankazitcha ndi liwu lofanana kwambiri ndi limenelo, ndipo iye amakhulupirira kuti ndi komwe linachokera. Anati akanafuna akanamenya katatu. Sindikudziwa ngati ankanena zoona, ndipo sindinafunse munthu wina. Ndinameza tiyi pamodzi ndi nkhaniyo, ndipo sinatuluke m'kamwa mwanga mpaka makhadi atatha ntchito. Mwa zonse zomwe ndinagulapo, imeneyo ndiyo yokha yomwe ndinalephera kuigulitsa.

Chondiwawa china n'choti mayi a ku Halale sanangotenga mkuyu wokha. Msika wotsatira ndili kwa opha mbuzi ndinamva mawu awo akuuluka pamwamba pa anthu: tiagalu tachitsulo, tiagalu tachitsulo, tosafuna madeya. Anthu ankaseka n'kugula. Nditapita kukadandaula kuti dzinalo ndi langa, anandipatsa singano imodzi n'kunena kuti kowonjezera kanga ako. Tinakhala pa ubwenzi wotukwanizana mpaka tsiku lomwe ndinakanyamula nawo maliro awo.

Tcheyamani anapita, mkulu wa sitolo anapita, mkuyu anaudula pokulitsa msewu. Chathovu ndi chiphaniphani cha m'manja zinafera tsiku lomwelo, ndipo sindizilira. Koma chaka chatha, mawondo atayamba kale kukana njinga, ndinalowa m'sitolo ya zitsulo ku Chisepo kufuna loko wa pakhola. Mtsikana wogulitsa, woti sanabadwe n'komwe nthawi ya makhadi, anandifunsa ngati ndikufuna kagalu kakakulu kapena kakang'ono. Ndinamufunsa kuti dzina limenelo analitenga kuti. Anati ndi Chichewa chakale, cha makolo, anthu a masiku ano sitichidziwa. Ndinamuuza kuti kholo lakelo ndine, ndaima pamaso pake, ndipo pa chifukwa chimenecho anditsitsire mtengo. Anandiyang'ana mmene anthu amayang'anira okalamba osokonezeka, n'kunena kuti mtengo ndi womwewo, agogo.

Ndinalipira wonse, popanda ngakhale basela. Mthunzi anaudya ndi mayi a ku Halale, chigamulo chinali cha tcheyamani, ntchentche zinali zanga, ndipo kagalu kanga kakulondera zitseko za anthu osandidziwa, kakutchedwa ka makolo. Inu amene mwamva zonsezi, tandiuzani, anapambana ndani?